Mkamwini Wosatha Kukuwa

Pansi pa nyumba ya a Sawang, kutsidya kwa doko la Songkhla, pakati pa mizati imene yanyamula nyumbayo, pali mabenchi atatu, bolodi loyera lomwe linasiya kalekale kufufutika, ndi makola anayi a njiwa zoimba. Loweruka lililonse m'mawa amuna akuluakulu, ena a ndevu, ena a dazi, amakhala pamabenchipo ngati ana a sukulu ya mkaka, kuphunzira Chingelezi cha pa nsanja zokumbira mafuta pakati pa nyanja. Si Chingelezi chofunsira mbeta ayi, kapena cholonjerera alendo a kugombe. N'cha ntchito basi: dzina la mafuta akuda otuluka pansi, dzina la chitsime chake, la mgolo, la kachitini kothirira oilo m'makina, la mafuta otayika n'kumayandama pamadzi, ngakhale la nsanza yopukutira m'manja.

Mawu amenewo savuta. Munthu wa kuno ukam'patsa mawu makumi asanu lero, sabata yamawa akubwezera onse osagwetsa ndi limodzi lomwe, pakuti kuloweza ndiye tinabadwa nako. Chimene chakhala chikuwaimitsa mutu a Sawang kwa zaka khumi ndi zinayi ndi kaliwu kamodzi ka zilembo ziwiri, kamene ngakhale mwana woyamwa angakatchule.

"Oi!"

Ndi komweko basi. M'buku lawo lomasulira mawu, lija chikuto chake chinathothoka, kaliwuka kali pamwamba penipeni pa tsamba la mawu a mafuta, ndipo bukulo limati ndi mfuu yamwano yoitanira munthu. Sakunama olemba aja, chifukwa kum'kuwira wamkulu motero n'chimodzimodzi kumuitana kuti iwe pagulu. Koma a Sawang anakhwatcha mawu oti yamwano ndi bolopeni yofiira mpaka pepala linabooka.

"Amene analemba bukuli sanagwirepo chingwe chonyowa," amatero. "Chimodzi chokha anakhoza: anayamba ndi kukuwa, mafuta pambuyo. Tiyeni. Ine ndine bwana wanu, ndaima apa. Pamwamba pangapa paipi yapulumuka m'tcheni. Nenani!"

"Oi, aphunzitsi," amayankha amuna aja chapansipansi, akumwetulira, wina mpaka kuweramitsa mutu.

"Aphunzitsi a chiyani? Ndafa kale ine! Mukulonjera mtembo! Njiwa zangazi zikukuposani mawu, anthu a ndevu zanu inu!"

Akatero amakweza dzanja lamanja kuti aliyense alione. Lili ndi zala zitatu. Chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zinatsala panyanja.

A Sawang anapita ku nsanja ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, atatopa ndi kununkha nsomba m'boti la amalume awo, ndipo anakhalako zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kapitawo wawo anali mzungu wina wa ku Scotland, wofiira ngati nkhanu yophika, amene ankakuwira aliyense kaliwu kaja, kaya wosesa kaya bwana wobwera pa ndege. Anzawo onse ankamunyoza kumbali kuti anakula wopanda makolo. A Sawang nawonso ankamunyoza, ndipo masiku ano akakumbukira zimenezo amadziluma lilime.

Tsiku limene zala zija zinapita linali tsiku wamba, dzuwa lili phwee, nyanja ili bata. Ankatsitsa mapaipi. A Sawang, amene apo n'kuti ali mkulu wa gulu, anatsamiritsa dzanja pachitsulo n'kumalongosolera munthu wina za ntchito. Chamnan, mnzawo wocheperapo ndi zaka zisanu ndi zitatu, anaona tcheni chikutsetsereka. Anachiona bwinobwino ndi maso ake awiri. Ndiye mukudziwa anatani? Anayenda. Sanathamange ayi, anayenda, nafika pafupi, n'kudikira kuti achimwene amalize kulankhula, poti kudula wamkulu pakamwa si khalidwe. Anaweramitsa mutu, n'kuyamba kuti, "Achimwene, pepani..." Paipi ndiye inalibe ulemu, inafika iyo poyamba.

Manyazi anapha lambe, anatero akuluakulu, ndipo ife a kuno matenda amenewa tinayamwira. Timaopa kuvutitsa munthu, timaopa kum'chititsa manyazi, timamwetulira ngakhale nyumba ikupsa. Zimandinyansa, koma nanenso ndine wa momwemo.

Chiyambire tsiku limenelo a Sawang saphatikizanso manja polonjera. Wamng'ono akawaphatikizira manja pamphuno, iwo amangogwedeza mutu, dzanja lili m'thumba. Kukachisi amafumbata duwa kuti mpata wa zala uja usaoneke. Ena amati ndi matama, koma akazi awo, a Chaliao, amadziwa kuti manja osalinganawo amawachititsa manyazi.

Chamnan uja anakwera pantchito. Pano ndi amene amalemba anthu ntchito ku kampani ina yotumiza antchito kunyanja. Chaka chilichonse, pa chikondwerero cha madzi, chija timathirana madzi polowa chaka chatsopano, amabwera ndi dengu la zipatso, n'kugwada pansi pa nyumba, n'kupepesa ngati zachitika dzulo. A Sawang dengulo amadana nalo koopsa, zipatso zake amagawira ana a oyandikana nawo. Ndipo Chamnan yemweyo, munthu aliyense wobwera ndi kalata ya a Sawang amamulemba osam'funsa ngakhale dzina la agogo ake. Sangawakanire. Ulemu womwe uja unadula zala ndi umenenso umam'gwira pakamwa mpaka lero. Choncho a Sawang anadziwa kuti chipata ndi iwo okha, ndipo anaika lamulo lawo: munthu aloweze buku lonse ngati akufuna, koma kalata salemba mpaka munthuyo awakuwire pamaso, mokweza moti njiwa zipupume m'makola. Ena zimawatengera mwezi, ena miyezi itatu. Mmodzi anachita kumwa kaye mowa, ndipo anabwezedwa.

Ndiye chaka chino pa benchi yakutsogolo panakhala mkamwini wawo.

Mkamwiniyo, Wirot, analowa umonke, moyo wodzipatula wa kukachisi, kwa miyezi itatu kuti asangalatse mayi ake, n'kukhalamo zaka zisanu ndi chimodzi. Atavula mkanjo anakwatira Chiap, mwana yekhayo wa a Sawang, n'kudzakhala m'kachipinda kakuseri. Amagwira ntchito yothira mafuta m'galimoto pamsewu wopita ku Ranot, ndipo eni galimoto amachita kutsitsa galasi lonse kuti amve zimene akunena. Akamasesa amayamba wapatutsa nyerere. Munthu wabwino ndithu, woti ukam'ponda phazi amapepesa ndi iye. Mawu a mafuta anawaloweza onse m'masabata awiri, mpaka ankathandiza anzake a pabenchi. Koma kumapeto kwa Okutobala akwanitsa zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo kupyola pamenepo kampani silembanso munthu watsopano. Kalata ikapanda kutuluka tsikulo lisanafike, basi, adzakalambira pampopi wa petulo, ndipo Chiap adzakalambira m'kachipinda kakuseri kwa makolo ake, kamene bedi likalowa chitseko sichitsegukanso bwino.

"Bambo, nanga Somnuek wogulitsa nkhanu uja munamulembera bwanji?" anafunsa Chiap tsiku lina akudya chamadzulo. "Munthu wosadziwa kusiyanitsa mgolo ndi chidebe!"

"Anakuwa."

"Anakuwa chifukwa ndi wamwano chibadwire. Amakuwira ndi mayi ake omwe."

"Ndiye adzabwerako ndi zala zonse, anzakenso ndi zala zonse. Patsire nsomba."

"Mwamuna wanga wakhoza zonse, Bambo. Zonse!"

"Akuwe."

A Chaliao anathira msuzi wachikasu pampunga wa amuna awo, dala wambiri kuti tsabola awatseke pakamwa. "Bambo ake Chiap, m'nyumba muno wokuwa alimo kale mmodzi, ndipo amakwanira mudzi wonse. Mukufuna tikhale ndi awiri kuti denga lisasuke?"

Wirot, amene nkhani yonseyi inali yake, ankangochotsa minga m'nsomba n'kumaika mnofu m'mbale ya apongozi ake. Zimenezo ndiye zinawapsetsa mtima kwambiri a Sawang.

"Iwe Wirot, tandiuza. Vuto lako n'chiyani? Pakhosi pali chotupa?"

"Ayi, Bambo."

"Nanga?"

Wirot anaika supuni pansi mosamala kuti isalire. "Pakamwa pamakana, Bambo. Ndimakonzeka ndithu, mpweya ndimakoka. Koma ndikakweza maso ndimaona bambo a mkazi wanga. Ndadya mpunga wanu zaka zitatu."

"Ndiye mpunga wangawo wakutseka kukhosi? Mayi ake Chiap, kuyambira mawa uyu azidya kwa aneba!"

Palibe anaseka kupatula a Chaliao. Chiap anadzuka n'kukatsuka mbale mokalipa, zikulira ngati kuli ndewu kukhitchini.

A Sawang si munthu wouma mtima, ngakhale pakamwa pawo pamatero. Ankamufuna mkamwini wawoyo, ndipo ankaona mmene mwana wawo amayang'anira nyumba zatsopano za kumsewu akamadutsa pa njinga yamoto. Choncho anayesa njira zonse. Anam'fotokozera kuti dala amaphunzitsa kaliwuka m'Chingelezi, chifukwa m'chinenero chathu ukati uitane munthu, umayamba waganiza kuti ndi mkulu wako kapena mng'ono wako, amalume kapena bwana, ndipo pamene ukuganizapo paipi yafika. Liwu lobwereka lilibe m'bale. Wirot anavomera kuti ndi nzeru zakuya, n'kuzilemba m'kope. Kulemba! A Sawang anangogwira mutu.

Lamlungu lina anam'tengera kugombe n'kumuimika moyang'ana mafunde.

"Kuwira nyanjayo. Si apongozi ako."

Wirot anakoka mpweya, n'kutulutsa mfuu imene a Sawang sanaiyembekeze. Zaka zisanu ndi chimodzi zoimba mapemphero m'bandakucha zinam'siyira chifuwa ngati ng'oma. Agalu awiri amene anagona pamchenga anadzambatuka n'kuthawa, ndipo msodzi wina kutali anatembenuka m'boti lake.

"Ha! Ndiye mawu uli nawo, mfiti iwe! Tsopano tembenuka. Ndine pano. Nena!"

Wirot anatembenuka, anawayang'ana, mapewa n'kugwa. "Oi, Bambo," anatero, ngati akuwadzutsa kuti amwe mankhwala.

Ulendo wobwerera, pa pantoni yowolotsa anthu pamadzi, a Sawang anaima kutsogolo, Wirot kumbuyo atagwira njinga.

Kenaka anaganiza zom'tchera msampha. Kuseri kwa nyumba kuli ngalande ya madzi akuda ochokera kumsika, yofika m'chiuno. Tsiku lina masana, ataona kuti Wirot wakhala pamasitepe akusoka nsapato, a Sawang ananyamula khola la njiwa, n'kuyamba kuyenda chafutambuyo kulunjika kungalandeko, akuyang'ana kumwamba ngati akufuna nthambi yopachikapo. Mumtima ankati, lero akuwa, afune asafune. Phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu. Anamva nsapato ikuikidwa pansi. Anamva mapazi akubwera mofewa. Anapitirizabe, poti iwonso ndi munthu wamakani. Ndiye kumbuyo kwa khutu lawo kunamveka kamawu kaulemu:

"Bambo, pepani, ngati sindikukusokonezani..."

Chubwi!

Khola analikweza m'mwamba, njiwa sinanyowe. Iwo ndiye anatuluka akununkha mitu ya nsomba ya sabata yathunthu. A Chaliao anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe, akumenya pansi ndi chikhatho. Wirot anathamangira thaulo ndi ndowa ya madzi, akupepesa mosalekeza.

A Sawang sanakuwe, ndipo zimenezo zinaopsa aliyense. Anangoima, madzi akuda akuyenderera m'miyendo, n'kunena motsitsa mawu.

"Mawu amenewo ndinawamvapo kale, Wirot. Omwewo, osasintha ndi limodzi lomwe. Kalata sindilemba. Kuli bwino mwana wanga andide ali m'kachipinda kakuseri, kusiyana n'kuti mkazi wa munthu wina adzalandire mwamuna wake m'bokosi chifukwa iwe unali ndi khalidwe."

Masiku asanu ndi atatu Chiap sanawalankhule bambo ake. Khofi wa m'mawa ankangowaikira patebulo n'kutembenuka. A Sawang ankakhala pansi pa nyumba ndi njiwa zawo, akutsegula buku lija n'kulitseka. Zinkawapweteka, osati pang'ono. Kangapo anatenga pepala ndi bolopeni, akudziuza kuti mwina panyanja munthu amasintha, mwina kumeneko kulibe apongozi. Koma akagwira bolopeni ndi zala zitatu zija, ankaibwezanso m'chitini.

Mwezi wa khumi unafika, nthawi yokonzera akufa athu chakudya. Kukachisi kunali piringupiringu kuyambira m'mawa, chimkuzamawu chikulira nyimbo mpaka mano kunjenjemera. Chaka chilichonse ntchito ya a Sawang ndi imodzi: chiwaya chachikulu cha mafuta, chija amakazingiramo mikate ya mpunga wouma imene imafufuma ikangogwamo. Amati munthu amene wakhala ndi mafuta moyo wake wonse ndiye awayang'anire. Anaima pamenepo ndi chipande chachitali, mafuta akubwadamuka, nsana atalozetsa kubwalo.

Kumbuyo kwawo amuna asanu ankaimika tenti ya alendo. Chitsulo chapakati, chachitali ngati mtengo wa magetsi, anachimanga chingwe n'kuchikoka kudzera panthambi ya mtengo. Aliyense kuno amadziwa kumanga tenti, ndiye chifukwa chake palibe amene amaimanga bwino. Mfundo ya mbali imodzi inamasuka. Chitsulo chinapendekeka, n'kuyamba kuuluka chopingasa, kulunjika pamene panali mutu wa a Sawang.

Anthu anachiona. Ndikunena zoona, anachiona anthu osachepera makumi awiri. Amayi ena anagwira pakamwa. Bambo wina anatambasula dzanja ngati akuimitsa basi. Mkulu wa amonke, amene anakhala pakhonde, anatsegula pakamwa. Wirot anali kutali, mapazi ngati makumi awiri, atanyamula thireyi ya mikate.

"OI!"

Mfuuyo inaphimba chimkuzamawu. Nkhunda zonse za padenga la kachisi zinabalalika kamodzi. A Sawang sanaganize kanthu, thupi linakumbukira lokha za kunyanja, mawondo anapinda, ndipo chitsulo chinadutsa pamwamba pawo n'kuwachotsa chipewa. Koma cholendewera pachingwe chimapita n'kubwerera. A Sawang, posadziwa chimene chawadutsa, anayamba kudzuka kuti aone wawakuwirayo. Apo n'kuti Wirot wataya thireyi, wafika. Sanagwire mkono, sanagwire malaya. Anawagwira mutu ndi manja onse awiri, mutu wa apongozi ake, umene kuno wamng'ono saukhudza ndi chala chomwe, n'kuukanikizira pansi, onse awiri n'kugubuduzika m'fumbi. Chitsulo pobwerera chinamenya chiwaya, mafuta onse n'kukhuthukira pamene a Sawang anaima. Patapata wawo mmodzi anatsalira pomwepo, ndipo anakwinyika ngati chikopa cha nkhumba chokazinga.

Wina anazimitsa chimkuzamawu. Bwalo lonse linangoti zii.

A Sawang anadzuka pang'onopang'ono, mchenga uli m'kamwa, mlomo ukutuluka magazi. Ndiye m'chete muja munamveka mawu a gogo wina wogulitsa maluwa, amene makutu ake anafa koma pakamwa pali moyo.

"Mayo ine! Mutu wa apongozi! Pamaso pa amonke! Ameneyu si uja anavala mkanjo zaka zisanu ndi chimodzi?"

Anthu anayamba kunong'onezana. Inde, wapulumutsa munthu, koma kukuwa kotero? Ndi kugwira mutu? Sakanatha kuwakoka dzanja? Abale inu, anthu a kwathu! Mafuta akadali kuchita utsi pamchenga, iwo ali kale pa mlandu wa mutu. Wirot anamva zonse. Nkhope yake inayera ngati ufa, anayang'ana manja ake ngati si ake, n'kuchoka pabwalopo wapansi, kusiya njinga.

Madzulo sanabwere kudzadya. Chiap anati wadzitsekera m'chipinda, wakhala moyang'ana khoma.

Kutacha linali Loweruka. Amuna a pabenchi anafika msanga kuposa masiku onse, poti nkhani inali itawanda kale mpaka kumsika, ndipo aliyense ankafuna kuona mlomo wotupa wa aphunzitsi. A Sawang anali atangoyamba kulemba pabolodi pamene Wirot anatsika masitepe atavala malaya oyera, atanyamula thireyi ya maluwa, makandulo ndi lubani. Kumbuyo kwake kunali Chiap, ndi a Chaliao akupukuta manja pansalu. Wirot anagwada pasimenti, anayenda ndi mawondo mpaka pamapazi a apongozi ake, n'kukweza thireyi pamwamba pa mutu.

"Bambo, ndinakulakwirani ndi pakamwa, ndinakulakwirani ndi manja. Ndikupempha mundikhululukire."

Aliyense amadziwa mmene zimathera. Wamkulu amalandira thireyi, amanena kuti palibe mlandu, n'kudalitsa wamng'onoyo. Kukana thireyi yotere ndi nkhanza zosaneneka, ndiye kuti wam'taya munthuyo pamaso pa anthu. A Sawang anayang'ana maluwawo, anayang'ana amuna khumi ndi awiri a pabenchi amene ankaonerera kukamwa kuli yasa, ndipo mtima unawawira ngati chiwaya chija. Akalandira, ndiye kuti avomera pamaso pa ophunzira awo kuti kukuwa kuja kunali kulakwa. Zaka khumi ndi zinayi za kukuwa pansi pa nyumba ino zithera m'thireyi ya maluwa.

"Sindilandira," anatero.

Chiap anakoka mpweya. "Bambo!"

"Ndati sindilandira! Pali munthu amandibweretsera dengu chaka ndi chaka chifukwa anakhala chete. Limenelo ndimalandira, ngakhale limandinyansa, chifukwa ali ndi chopepesa. Tsopano uyunso andibweretsere maluwa chifukwa anakuwa? Ndiye munthu azitani kuti asapepese m'dziko muno? Asa! Ika pansi zimenezo, Wirot. Dzuka."

Wirot sanadzuke.  "Ndinagwira mutu wanu, Bambo."

"Mutu umenewu ukanakhala m'chiwaya! Bwenzi lero mukudya mikate pamaliro anga, gogo wa maluwa uja akuyamikira kuti mkamwini wanga ndi waulemu. Dzuka, ndati!"

A Chaliao anabwera n'kuchotsa thireyi m'manja mwa Wirot, n'kuiika pabenchi. Kwa nthawi yoyamba chikwatirane sanaponye nthabwala. Wirot anaimirira, maso ali pansi.

A Sawang anapita pa chitini chija, anatenga bolopeni, anang'amba pepala m'kope, n'kulemba atatsamira pabolodi. Sanachedwe, kalata zawo sizitalika. Analemba kuti: Chamnan, uyu amakuwa. Anasaina, anapinda, n'kuiika m'thumba la malaya oyera a mkamwini wawo.

Chiap, amene anailirira kalatayo miyezi iwiri, sanadumphe. Anayang'ana thumba la mwamuna wake, kenaka anayang'ana dzanja la bambo ake, ndipo nkhope yake inasintha. Mayi ake anam'gwira paphewa.

"Walira mvula walira matope, mwanawe," anatero motsitsa. "Masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu ali kunyanja, iwe uli pano kumvetsera mphepo. Ndidzakuphunzitsa mmene amawerengera."

A Sawang anamva, ndipo zinawalasa, chifukwa aka kanali koyamba kumva kuti akazi awo ankawerenga. Anafuna kunena kanthu kwa Wirot, zoti asamale, zoti asatsamiritse dzanja pachitsulo, koma mawu onse amene anali nawo, a m'buku ndi a pakamwa, anawathawa. Anangoima pamaso pa mkamwini wawo, munthu wocheperapo ndi zaka zoposa makumi awiri, wodya mpunga wawo. Kenaka anatulutsa dzanja m'thumba.

Anaphatikiza manja. Zala zisanu mbali iyi, zitatu mbali inayo, mpata uli poyera kuti aliyense auone. Anawakweza mpaka pamphuno, n'kuweramitsa mutu uja unagwidwa dzulo. Wamkulu sayamba kulonjera wamng'ono, zimenezo ngakhale mwana amadziwa, ndipo pabenchi wina anati "Aa!" mosazindikira.

Wirot anadzidzimuka ngati waponda moto. Anagwira manja a apongozi akewo kuti awatsitse, akugwetsa misozi, ndipo mawu anam'tuluka okha, okweza, osapempha chilolezo kwa munthu.

"Ayi, Bambo! Musatero!"

M'makola onse anayi njiwa zinapupuma.